Napolo Saima Kuti Umujambule

Ntchito imene imabweretsa ufa pakhomo panga ndi yolemba zikwangwani. Mukamayenda mu Limbe n'kuona khoma la golosale litalembedwa zilembo zonenepa zofiira, pambali pake pali nkhuku yaikulu kuposa munthu, mwina dzanja lake ndi langali. Koma ntchito imene imandisowetsa tulo ndi ina. Ndimajambula zinthu zimene palibe anaziona ndi maso: afiti ali m'lichero akuwoloka pamwamba pa phiri la Ndirande, mizimu ya ku Sapitwa ikusiyira alendo chakudya pamwala, ndiponso Napolo, chinjoka chija amati chimagona pansi pa mapiri. Zonsezi ndimazijambula ndi utoto wamadzi. Mayi a kunyumba amangoti "zamaloto zanu zija," ndipo sindiwatsutsa, pakuti nkhuku ya pagolosale imagula ndiwo pamene mfiti ya m'lichero imangodya pepala.

Anthu ambiri amayesa kuti wojambula zotere amangotsinzina n'kudikira kuti chithunzi chimutsikire m'mutu. Ayi ndithu. Chinthu chosaoneka chimabwereka thupi kwa chooneka. N'chifukwa chake sindichoka pakhomo popanda kope laling'ono, pensulo, kabokosi ka utoto, burashi imodzi ndi kabotolo ka madzi. Maulendo anga ndi a pa minibasi: kuchokera kwathu ku Bangwe kutsikira mu Limbe, kuchoka apo kutsata msewu wa Masauko Chipembere, kudutsa pa Chichiri ndi pa Ginnery Corner mpaka m'tauni. Minibasi ikaima pa siteji kudikira kuti idzaze, anzanga amadandaula za nthawi, ine ndimatulutsa kope. Mphindi zitatu zimandikwanira kuba msana wa mayi wosenza dengu la nthochi. Mawa lake msana umenewo udzakhala wa mfiti, chifukwa mfiti nayonso iyenera kukhala ndi msana wodziwa kulemera kwa katundu, apo ayi palibe angakhulupirire lichero lake. Tsiku lina kondakitala anandipezerera.

"Madala, mukutijambula kuti mukatigulitse kwa azungu?"

"Ayi achimwene, ndikungofuna makutu anuwo."

Minibasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo makutuwo alipo mpaka lero, pamutu pa mzimu wina wa ku Sapitwa.

Mphunzitsi wanga wamkulu pa nkhani imeneyi ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku mishoni ya Blantyre. Mbusa David Clement Scott sanaphunzire za zomangamanga, ndipo anthu akuno amene anagwira naye ntchito kuyambira 1888 mpaka 1891 anali asanamangepo nyumba yotero, komabe taonani chimene anaimika. Ndachijambula kambirimbiri ndili pansi pa mtengo, ndipo nthawi iliyonse ndimapeza chachilendo, monga zoti nsanja zake ziwiri zakutsogolo sizifanana. Nyumbayi inayamba ngati loto m'mutu mwa munthu, koma njerwa iliyonse inayenera kutsamira inzake, apo ayi denga likanagwera anthu. Pamene ndinkajambula mudzi wa mizimu, makomo okhota ndi denga lozungulira ndinaziba pomwepo.

Tsono za utotowo. Penti wamafuta amene ndimalembera zikwangwani ndi womvera: ukalakwitsa chilembo umadikira aume, n'kupakapo wina pamwamba, mwini golosale osadziwa kanthu. Utoto wamadzi sukhululuka. Ndi ufa wa mtundu wosakaniza ndi utomoni wa mtengo, ndipo ukauthira madzi umaonekera mkati ngati tiyi wopanda mkaka, mwakuti chimene wapaka pansi chimaonekabe ngakhale upake kangati pamwamba. Choncho umayamba ndi zowala n'kumalizira zakuda. Kuyera kwa mtambo, kwa mano kapena kwa thovu la mtsinje sikuchokera m'kabokosi, ndi pepala lenilenilo limene walisiya osalikhudza. Uyenera kudziwiratu usanayambe malo amene sudzapakapo kanthu. Zimenezi zinanditengera zaka, poti dzanja lozolowera kudzaza khoma lonse limayabwa likaona malo opanda kanthu.

Pepala nalo lili ndi makani ake. La m'kope la kusukulu likangolawa madzi limakwinyika ngati chikopa chogwera pamoto. Labwino ndi lokhuthala, lopangidwa ndi thonje, ndipo ine ndimachita kutuma anzanga opita ku Joni, likabwera n'kumalidula mosamala ngati nyama ya pa Khirisimasi. Ndimayamba ndalinyowetsa, n'kulimata pathabwa kuti liume litakungika ngati ng'oma. Kenaka pali nyengo. Mu Okutobala, jakaranda atachita maluwa m'misewu, burashi imauma isanafike kumapeto kwa mzere. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikakuta Limbe, pepala limakana kuuma mpaka tiyi kukuzizirira m'kapu. Koma chiperoni ndiye bwenzi la wojambula mizimu. Ukagwetsa utoto papepala lonyowa umayenderera wokha, m'mphepete mwake n'kusungunuka, ndipo phiri limatuluka monga Mpingwe amaonekera m'mawa wa nkhungu, theka alipo theka palibe. Nthawi zina dontho la madzi limagwera pamalo amene ayamba kuuma, n'kukankhira utoto kumbali, kusiya duwa limene sunalifune. Kale ndinkang'amba pepala. Masiku ano ndimayamba ndaliyang'anitsitsa duwalo, pakuti nthawi zina mumakhala nkhope.

Za Napolo ndinazimva kwa agogo anga akuchikazi. Kwawo kunali ku Phalombe, ndipo mu Malichi 1991, pamene madzi, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi, iwo anapulumuka ndi nsalu imene anavala yokha. Bambo anakawatenga kuti adzakhale nafe ku Bangwe. Madzulo ankatiuza kuti chinjokacho chimagona pansi pa phiri zaka zambirimbiri, ndipo chikafuna kusamuka chimang'amba phirilo n'kudzilambulira njira yopita kumadzi akuya, monga chinachitira ku Zomba mu 1946. Ine, ndi chibwana changa, ndinafunsa:

"Agogo, nanga chimaoneka bwanji? Chili ndi mitu ingati?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. "Mdzukulu wanga, amene anachiona sanabwere kudzatiuza."

Yankho limenelo silinandikwanire. Nditakula ndinakumana ndi ndakatulo za Steve Chimombo, amene buku lake la Napolo Poems linatuluka mu 1987, ndipo ndinati mumtima, ngati mlembi wamupatsa mawu, ine ndimupatsa thupi. Mamba ndinabwereka kwa chambo cha pamsika wa Limbe, kupindika kwa thupi ndinatengera mtsinje wa Mudi, maso anali a mphaka wa aneba, pamutu n'kumuveka nyanga za ng'ombe. Anatuluka wokongola zedi, wobiriwira ndi wachikasu, akutsetsereka pa phiri la Soche mwezi ukuwala mbee, tinyumba tili ndii pansi pake popanda kogwa n'kamodzi komwe. Mlendo wina wochokera kunja anamugula m'tauni, ndipo ndalama yake inalipira fizi ya mwana wanga teremu yathunthu. Poona kuti malonda alipo, ndinajambulanso ena anayi ofanana naye. Mwayi wanga, agogo anali atatisiya kale, sanamuone.

Kenaka kunabwera Malichi 2023. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, ndipo phiri la Soche linang'ambika. Matope ndi miyala ikuluikulu zinatsikira ku Chilobwe anthu ali m'nyumba zawo. M'chigawo cha kummwera anthu mazanamazana anafa, ena osapezeka konse. Odziwa za nthaka anafotokoza kuti mitengo ya m'phiri inatha ndi nkhwangwa, nyumba zinakwera mpaka potsetsereka, ndipo dothi linamwa madzi kufikira litalephera kudzigwira. Zonsezo n'zoona, ndipo makope anga akale ndi mboni: mukawatsegula motsatana mudzaona nyumba zikukwera phiri chaka ndi chaka, mitengo ikuthawira pamwamba. Komabe m'maminibasi dzina limene linkamveka linali lija la agogo.

Patapita sabata ziwiri ndinapita ku Chilobwe. Ndinadziuza kuti ndikukapepesa mnzanga wina amene tinkalemba naye zikwangwani, koma nanga kope ndinalitengeranji? Nditachoka kwa mnzangayo ndinakwera chakumtunda. Phiri linali ndi chilonda chofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pamene panali nyumba panali miyala, ina yaikulu ngati minibasi. Ndinakhala pa umodzi, n'kutulutsa pensulo. Ndisanamalize mzere wachitatu, mayi wina wachikulire anaima kumbuyo kwanga.

"Bambo, mukulemba mayina a chithandizo?"

"Ayi mayi, ndikujambula phirili."

"Phiri," anatero, ngati akulawa mawuwo. "Mwala mwakhalirawo, pansi pake pali khitchini yanga."

Ndinadzambatuka ngati ndakhalira khala lamoto, kope n'kulibisa kumbuyo ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Iwo sanakalipe. Anangotambasula dzanja, ine n'kuwapatsa. Anatsegula masamba mmodzimmodzi. Ataona mfiti ya m'lichero anamwetulira pang'ono, koma atafika pa kachithunzi kamene ndinayambira Napolo uja anaima.

"Nanga ichi?"

"Ndi Napolo, mayi."

"Anakuuzani ndani kuti ndi wokongola chonchi?"

Ndinasowa choyankha. Anandiuza kuti iwo sanaone kanthu. Kunali mdima wa bii, magetsi atazima kale. Chimene anamva ndi mkokomo, ngati sitima ya pa Limbe yasiya njanji n'kulowa m'nyumba, ndiponso fungo la dothi lofukulidwa kumene. Anangokwanitsa kukoka mdzukulu wawo pamphasa n'kuthawira kumbali. Mwana wawo wamkazi, mayi wa mdzukuluyo, anali asanapezeke. Anatseka kope n'kundibwezera, kenaka anati:

"Poti inu mumatha kujambula zosaoneka, jambulani nyumba yanga. Zithunzi zonse zinapita. Mwanayu adzakula osadziwa pamene anabadwira."

Pa zaka zonse zimene ndagwira burashi, sindinapatsidwepo ntchito yovuta ngati imeneyo. Mfiti ukaiika mphuno yokhota palibe amabwera kudzakutsutsa, koma nyumbayi inali ndi mwini wake. Ndinkawapeza pa sukulu imene anthu ankasungidwapo, tikukhala pakhonde la kalasi, iwo akufotokoza, ine ndikujambula ndi pensulo. Malata ndinabwereka pa chithunzi china cha ku Ndirande, khonde ndinatenga pa nyumba ina ya ku Zingwangwa imene ndinaijambula zaka zapitazo ndikudikira mvula kuti ikate. Ndikapita kunyumba kukapaka utoto n'kubwera nacho, iwo ankapukusa mutu. Chitseko chinali chabuluu, osati chobiriwira. Mtengo wa mapeyala unali kumanzere. Zenera la kuchipinda linalibe galasi, anatsekapo ndi katoni. Ndipo ndaiwala bwanji chingwe choyanikapo zovala? Paja ndanena kuti utoto wamadzi sukhululuka. Cholakwa chilichonse chinatanthauza pepala latsopano, mwakuti mapepala atatu a ku Joni anathera pamenepo.

Lachinayi analigwira ndi manja awiri, n'kukhala chete mpaka ndinayamba kuopa. Mdzukulu uja anali atatsamira pabondo lawo, chala chili m'kamwa.

"Utsi," anatero pomaliza. "Nthawi ngati ino ndimakhala nditasonkha moto."

Mtima unandigunda, pakuti pamwamba pa khitchini ndinali nditapaka kale phiri lobiriwira, ndipo pepala lina ndinalibe. Pali njira imodzi yokha imene utoto wamadzi umalola kuti ubweze pang'ono zimene wachita. Ndinatsuka burashi, n'kuiviika m'madzi oyera, n'kuyamba kusisita pang'onopang'ono pamwamba pa denga la khitchini, ndikupsinyapo ndi kansalu. Kubiriwira kunayamba kuchoka, kuyera kwa pepala n'kumabwerera mofooka, kukukwera mokhotakhota kulowera kuphiri. Mwana uja anachotsa chala m'kamwa n'kuloza.

"Agogo, mukuphika."

Mayiwo sanayankhe. Anadikira kuti pepala liume, n'kulilowetsa m'jumbo momwe munali buku lawo la kuchipatala, n'kumanga jumboyo m'chitenje. "Zikomo mwana wanga, muyende bwino."

Napolo wa mamba a chambo sindinamujambulenso, ngakhale wina anabwera kudzafunsa ngati watsalako. Pobwerera tsiku lomaliza lija ndinatapa katondo wa pachilonda cha phiri m'kabotolo. Ndimamusefa ndi kansalu, n'kumusakaniza ndi utomoni pang'ono. Ndimajambula Soche ndi tinyumba take mosamala monga ndinatiwonera m'makope akale, kenaka ndimanyowetsa pepala, n'kupendeketsa thabwa, n'kuthira katondoyo kuchokera pamwamba. Amatsika yekha, amasankha yekha njira, ndipo tinyumba timene wapitapo sindikhala nditatisankha ine. Nthawi zambiri zimangokhala matope, pepala n'kutayika. Palibe amene wagulapo n'chimodzi chomwe.

Dzulo ndinayanika china pakhonde. Mayi a kunyumba, akuchokera kotunga madzi, anatula ndowa n'kuwerama kuchiyang'ana.

"Mwati uyu ndi Napolo? Nanga njokayo ili pati?"

"Yadutsa kale," ndinatero.

Anachiyang'ananso kanthawi, kenaka anakokera thabwa chakukhoma kuti nkhuku zisapondepo.