Kapikapu kanga kanadwala taimingi, ife tikukamwetsa mankhwala ena

Malemu amuna anga atatisiya, ana anati kagalimoto kawo tigulitse. Ndinakana. Ndi kapikapu ka Nissan 1400, tija tinkapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo iwo anakagula mu 1996 kali kakalekale. Chipumireni pa ntchito ya unamwino, kameneka ndiko kakundidyetsa. Penshoni mukuidziwa nokha abale anga, mwezi usanafike pakati yatha. Ndiye ine ndi mdzukulu wanga, yemwe amakhala pa chiwongolero, timanyamula mbatatesi ndi kabichi ku Bembeke n'kutsika nazo Khwekhwelere kukagulitsa ku Golomoti mpaka ku Monkey Bay. Pobwerera timatenga usipa.

Mu 2023, mvula itangoleka, kagalimoto kanayamba ulesi. Mitunda yomwe kale tinkakwera pa giya yachitatu, tsopano kankafuna yachiwiri, penanso yoyamba. Petulo kankamwa modabwitsa, singano yosonyeza kutentha kwa injini ili m'mwamba nthawi zonse. Tsiku lina tikukwera Khwekhwelere, tinatengako mayi wina wa khanda kumsana, akuthamangira kuchipatala. Nditangokayang'ana kamwanako ndinaona kuti kakupuma mofulumira, m'nthitimu mukulowa m'kati. Ndiye pakati penipeni pa phiri madzi a mu rediyeta anawira, kagalimoto n'kuzima. Ndinaima pakati pa msewu ndi chitenje m'manja mpaka lole ina inaima n'kuwatenga. Usiku umenewo sindinagone.

Apa mpomwe ndinayamba kuononga ndalama. Makaniko woyamba anangomvera injini n'kunena kuti, "Mayi, ndi kabuleta iyi." Tinaitsuka, osasintha. Tinagula ina, osasinthabe. Wachiwiri anati ndi pampu ya petulo. Wachitatu anasintha mapulagi onse anayi, kenaka anachotsa thermostat n'kuitaya patchire, ati ndiyo ikutenthetsa injini. Penshoni ya miyezi iwiri inathera m'boneti.

Manyazi amandigwira ndikakumbuka. Zaka zoposa 30 ndakhala ndikukalipira anthu ogula mankhwala pa golosale asanayezedwe magazi. Mutu ukangowawa, kale ankathamangira Fansidar, LA atabwera mu 2007 n'kuyamba kuthamangira LA, chonsecho mwina ndi chibayo. Koma taonani ineyo, namwino wamkulu ndithu, kumwetsa galimoto mankhwala pongoganizira!

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire yemwe amakonza magalimoto pansi pa mtengo kuseri kwa msika. Sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso, monga momwe timachitira pofunsa mbiri ya wodwala. "Zinayamba liti, mayi? Zisanayambe, ndani anagwirako injiniyi?" Mdzukulu wanga mpomwe anakumbukira kuti kumayambiriro kwa chakacho mnyamata wina anasintha mapointi mu distributor, ndipo pomaliza anangoipotokola uku akumvetsera ndi khutu. Bambo aja anapukusa mutu.

Ndikuuzeni momwe anandifotokozera, poti ambiri a ife timangomva amakaniko akuti "taimingi" ife n'kuvomera ngati tamva. Mu injini ya petulo, pisitoni imakwera kupanikiza mpweya wosakaniza ndi petulo, kenaka pulagi imathetheka moto, mpweya uja n'kuyaka, kukankhira pisitoni pansi. Mphamvu ya galimoto ndi imeneyo. Koma mpweyawo suyaka wonse nthawi imodzi, umatenga kanthawi. N'chifukwa chake moto uyenera kuthetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba, kuti ikamayamba kutsika ipeze mphamvu yonse yakonzeka. Moto ukachedwa, umapeza pisitoni yatsika kale, umangoithamangitsa m'mbuyo. Wotsalawo umakathera ku ekizozi, injini n'kumatentha, petulo kupita pachabe. Ukafulumira kwambiri, umamenyana ndi pisitoni ikadali kukwera, ndipo pamtunda mumamva kulira ngati mwaika timiyala m'chitini. Kumeneko ndiye koopsa, kumatha kuboola pisitoni.

Ine zinandikumbutsa mtima wa munthu. Ukhoza kukhala ndi magazi okwanira, mitsempha yabwinobwino, koma ukamagunda mosalongosoka mwini wake amalephera ngakhale kukwera khonde la nyumba yake.

Kenaka anatulutsa kanyali kooneka ngati mfuti ya ana, kamene amati timing light. Waya wake anaupana ku waya wa pulagi nambala 1, injini ikulira, n'kuunika pa pule ya kutsogolo kwa injini. Kanyaliko kamaphethira nthawi iliyonse pulagiyo ikathetheka, ndipo kamzere kolembedwa pa pulepo kamaoneka ngati kaima. Anandiitana kuti ndidzionere ndekha, ndinachita kuvala magalasi. Kamzereko kanali kutali ndi pomwe buku la galimoto limanena. Moto umachedwa.

Anapezanso zina ziwiri. Mpata wa mapointi unali utachepa, poti kachidutswa kamene kamawatsegula kamaperepeseka, makamaka ngati sanapakepo girisi. Mpata ukamachepa, moto nawo umanka nuchedwerachedwera, n'chifukwa chake matenda athu ankakula pang'onopang'ono. China chinali kapaipi ka labala kochokera ku kabuleta kupita ku distributor, kamene kamathandiza kufulumizitsa moto galimoto ikamayenda mopepuka. Kanali kong'ambika ndi ukalamba. Anayamba wakonza mpata wa mapointi, chifukwa ati ukayamba ndi taimingi kenaka n'kugwira mapointi, wasokonezanso zonse. Atatero anamasula bawuti imodzi, n'kutembenuza distributor pang'ono chabe, maso ali pa kamzere kaja. Ntchito yonse sinakwane ola. Thermostat anatiuza kuti tigule ina tibwezeretse, inalibe mlandu.

Tsono inu amene muli ndi timagalimoto takale ta petulo, ta kabuleta ndi distributor, mphamvu ikachepa musayambe ndi kugula. Funsani makaniko ngati ali nako kanyali kaja, ndipo akasintha mapointi muonetsetse kuti wayezanso taimingi. Khutu limanamiza. Woyeza ndi khutu amakonda kusiyira pomwe injini ikulira mokoma itaima, koma mukaisenzetsa matumba pamtunda nkhani imakhala ina.

Ndionjezepo kuti mawu akuti taimingi ali pawiri, musasokoneze. Palinso tcheni kapena lamba woyendetsa mavalavu. Ka Nissan kanga n'ka tcheni, koma anzanga a Hilux zakale za dizilo, zija za 2.4 ndi 2.8, zanu ndi za lamba, ndipo amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. Kagetsi kolembedwa T-BELT kakayaka musakamate ndi tepi monga anachitira mlamu wanga wina. Lambayo akaduka muli pa liwiro, mapisitoni amamenya mavalavu, ndipo ndalama zake si za penshoni.

Kabuleta yakale ija ndinapita nayo kwa bambo aja kuti aione. Anaitembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera. "Isungeni mayi, ilibe vuto." Ili m'katoni pansi pa bedi pamodzi ndi pampu ndi mapulagi anayi aja. Loweruka lapitali tinakwera Khwekhwelere ndi matumba asanu a usipa, ndipo mdzukulu wanga anabwerera ku giya yachiwiri pa makona awiri okha.