Geji yabodza inaoletsa nsomba pa Thabwa

Inu a pamsika mukuidziwa bwino sikelo yonyenga. Ikakuberani kawiri katatu, simuikhulupiriranso ngakhale tsiku limene yanena zoona. M'galimoto zakale zimene zimakunyamulirani katundu mulinso tisikelo totere, ndipo kena kanatsala pang'ono kugwetsa geni ya atsibweni anga kwathu kwa Maseya ku Chikwawa.

Atsibweniwo ali ndi Land Rover ya mtundu wa Series IIA ya 1965, yopangidwa dziko lino lisanakhale Republic. Imachita matola, kunyamula amayi a geni ndi madengu awo kuchoka ku Bereu kupita ku Blantyre ndi ku Limbe. Pafupi ndi chiwongolero pali kageji kotchedwa ammeter. Pakati pake pali 0, mbali ina +30, mbali ina -30. Muvi ukapendekera ku + ndiye kuti magetsi akulowa m'batire, ukapita ku - ndiye kuti batire ikudyedwa. N'chimodzimodzi kabuku kanu ka ndalama zolowa ndi zotuluka.

Mavuto anayamba mu January 2022 pomwe namondwe wa Ana anamiza chigwa chathu. Matope analowa m'galimotomo ndipo dainamo inafa. Makaniko wina wachinyamata anaikamo alternator ya galimoto ina, n'kutembenuza batire. Apa sanalakwe ayi. Ma Land Rover opangidwa chisanafike chaka cha 1967 ankalumikiza + ya batire ku chitsulo cha galimoto, pomwe alternator wamba imafuna kuti ku chitsulo kupite -. Chimene anaiwala ndi kusinthanitsa mawaya awiri a kumbuyo kwa geji ija. Basi kuyambira tsikulo geji inayamba kulankhula chagada: batire ikamadzaza, muvi unkaloza kuti ikutha.

Atsibweni anakhulupirira muviwo. Kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023, anakongola ndalama n'kugula batire yatsopano, yakale ija ilibe vuto n'komwe. Muvi osasintha. Atatopa anangoti, "Kageji aka kapenga, mphwanga, kasiye." Choncho mu 2024 muviwo utayamba kunjenjemera ngati wagwidwa malungo, palibe anaulabadira. Chonsecho ulendo uno unali kunena zoona.

Tsiku lina la mu October chaka chomwecho ndinakwera nawo, titanyamula amayi anayi ndi milamba ndi mphende zaziwisi. Tinanyamuka m'mbandakucha kuthawa dzuwa, nyali zili ngwee. Titaoloka Shire n'kuyamba chikweza cha pa Thabwa, m'galimoto munamveka fungo la pulasitiki wopsa. Nyali zinathima, injini zii. Pofika masana tidakali pomwepo, ntchentche zitatizinga. Mayi wina, amene mpamba wake unali wa ku banki m'khonde, anangokhala pamwala osalankhula. Nsomba yaiwisi ilibe mawa, abale anzanga, makamaka m'dzuwa la Chikwawa.

Amene anapeza nthendayo ndi mkulu wina wa ku Nchalo yemwe anakalambira pokonza mathirakitala. Atsibweni anafika n'kunena kuti alternator yapsa. Iye anangoseka. "Dekhani bambo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyambe tafunsa gejiyo."

Anayamba wachotsa waya wa batire, kenaka anamasula bolodi la mageji. Kumbuyo kwa ammeter, nati imodzi inali itakhwefuka, yadzimbiri la matope a Ana aja, ndipo waya wake utasungunuka. Anatifotokozera kuti geji imeneyi siili ngati zinzake zimene zimangoonerera. Magetsi onse olowa ndi otuluka m'batire amadutsa m'kati mwake, kupatula oliza sitata. Nati ikakhwefuka pamatentha, muvi umanjenjemera, mapeto ake waya amaduka ndipo galimoto imafa. Pena imayaka moto kumene.

Atapala dzimbiri n'kuika waya wonenepa, anatisonyeza mayeso oti aliyense angathe. Injini ili chozima, anayatsa nyali. Apa muvi uyenera kupita ku -, poti batire ikungotulutsa. Wathu unapita ku +. "Mwaona? Mboni yanu imayankha motembenuza." Anasinthanitsa mawaya awiri aja, bodza la zaka ziwiri n'kuthera pomwepo. Muvi ukanapanda kusuntha n'komwe nyali zikuyaka, akanadziwa kuti geji yafa kapena magetsi akuilambalala.

Kenaka anaika mita yake pa batire. Injini isanalire inawerenga mavoti 12.6, italira inakwera kufika 14. Ndiye kuti alternator inali bwinobwino. Anati ikamalira injini nambala n'kukhala yosakwera, muyambe mwaona lamba ngati sanakhwefuke musanathamangire kusitolo. Muvi wa geji yabwino umakwera mukangoliza injini, kenaka n'kumabwerera pang'onopang'ono kufupi ndi 0 batire ikamadzaza. Anachenjezanso kuti geji ya 30 inapangidwira dainamo, pomwe alternator imatha kutulutsa magetsi oposa pamenepo, choncho ndi bwino kuika geji yokulirapo kapena kuichotsa n'kuika yoyeza mavoti, imene sinyamula katundu wolemera chotere.

Ntchito yonseyo sinathe ola limodzi, ndipo mtengo wake sunafike ngakhale pa dengu limodzi la nsomba zinaola zija. Atsibweni anagulitsa mbuzi ziwiri kuti apepese amayi aja. Awiri anabwerera kudzakweranso, awiri enawo mpaka lero amakwera minibasi.

Tsono inu amene mumapereka mpamba wanu wonse m'manja mwa dalaivala, muli ndi ufulu wofunsa. Mukakhala kutsogolo, taponyaniko diso pa mageji. Mukaona muvi ukuvina, kapena geji yomatidwa pepala, kapena kanyali kofiira ka batire kakuyaka galimoto ikuyenda, funsani musanakweze madengu. Akakuyankhani kuti "kameneko kanapenga kale", dziwani kuti iyenso akuyendetsa mongoganizira. Safunsa anadya phula, ndipo pa Thabwa palibe wogula nsomba zoola.