Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Mvula ikakhazikika mwezi wa Disembala, m'mphepete mwa nkhalango ya Perekezi, kum'maŵa kwa boma la Mzimba, mumamera duŵa lina lofiira ndi lachikasu ngati malaŵi a moto. Anthu opita kumsika amalipitirira osalicheukira. Mnyamata wina wa Fomu 3 nayenso adakula akulipitirira. Chimene ankadziŵa za duŵalo ndi chenjezo la agogo ake aakazi lokha, lakuti muzu wake ndi wakupha.

Tsiku lina, m'nyumba yoŵerengeramo mabuku kusukulu kwawo, adapeza buku lakale lotchedwa Wild Flowers of Malawi, limene Audrey Moriarty adatulutsa m'chaka cha 1975. Zithunzi zake zidali zojambula pamanja. Mnyamatayo adadabwa kuti munthu wamkulu angataye nthaŵi yake pa maluŵa akutchire, ndipo adakafunsa aphunzitsi ake a sayansi. Iwo adamuuza kuti ntchitoyo ndi yakalekale, namufotokozera za mmisiri wina wa ku France, Pierre-Joseph Redouté.

Redouté adabadwa m'chaka cha 1759 ku Saint-Hubert, dera limene lero lili m'dziko la Belgium, ndipo adafika ku Paris m'chaka cha 1782. Kumeneko katswiri wa zomera, L'Héritier, adamphunzitsa kung'amba duŵa ndi kuyang'anitsitsa ziŵalo zake asanagwire cholembera. Pambuyo pake adajambula maluŵa a m'munda wa mfumukazi Joséphine ku Malmaison. Buku lake lotchedwa Les Liliacées, limene lidatuluka m'zigawo kuyambira 1802 mpaka 1816, lili ndi zithunzi 486. Chimodzi mwa izo, adatero aphunzitsiwo, ndi cha duŵa lomwe lija la ku Perekezi, limene akatswiri amalitcha Gloriosa superba. Redouté adamwalira m'chaka cha 1840 ali ndi ngongole, koma zithunzi zake zikuphunzitsabe anthu mpaka lero.

Nkhaniyi idamchititsa manyazi mnyamatayo. Munthu wakutali adalidziŵa bwino duŵa lakwawo kumposa iye mwini! Loŵeruka lotsatira adatenga pensulo ndi kope, nakakhala pansi pafupi ndi duŵalo. Chithunzi choyamba chidatuluka ngati lalanje losenda. Atadekha, adayamba kuona zimene maso ake adali asanaonepo: timasamba ta duŵalo ndi 6 ndipo tidapindikira kumbuyo, timitu tonyamula mungu ndi 6 natonso, nsonga ya tsamba lililonse idapotana ngati mbedza, ndipo ndi imene chomeracho chimakwerera pa zitsamba zinzake. Pamenepo adazindikira kuti dzanja silingajambule chimene diso silidachimvetse.

Madzulo adaonetsa agogo ake chithunzi chachitatu. Agogowo adachiyang'ana nthaŵi yaitali, natchula dzina la duŵalo m'Chitumbuka. Kenaka adati, "Mdzukulu wanga, mitengo yamankhwala imene ndinkakumba kuseri kwa mudzi uno idatha ndi makala. Ine ndikapita, adzakuuza maina ake ndani?"

Funso limeneli ndi lolemera. Nkhalango zikuchepa chifukwa cha makala, nkhuni ndi minda yatsopano, ndipo okalamba odziŵa zomera akutsikira kuli chete mmodzimmodzi. Chomera chikasoŵa, dzina lake limaiŵalika, ntchito yakenso imaiŵalika. Chithunzi cholondola, chokhala ndi dzina, malo ndi mwezi umene chomeracho chimachita maluŵa, ndi nkhokwe imene moto wolusa m'tchire sungaitenthe.

Kuyambira tsiku limenelo, Loŵeruka lililonse aŵiriwo amaloŵera ku Perekezi, agogo patsogolo ndi ndodo yawo, mdzukulu pambuyo ndi kope lake. Agogo akaloza chomera, iye amakhala pansi, nayamba wachiyang'ana kaye. Akuluakulu sadaname pamene adati kuona maso a nkhono n'kudekha.