Ngongole ya suti ya amalume

Suti yoyamba kuvala ine pamoyo wanga idali yobwereka. Idali ya amalume, yakuda, ya kolala yotambalala ngati makutu a njovu. Adaigula ku Johannesburg masiku amene ankagwira ntchito kumigodi, TEBA isadaleke kulemba Amalawi mu 1988. Ankaisunga pansi penipeni pa sutikesi, ndipo inkaona dzuwa paukwati ndi pa Khirisimasi basi. Koma mu July 1994, kalata yondiitana ku intavyu itafika kudzera pakeyala ya tchalitchi chathu ku Dedza, amalume adaitulutsa okha ine ndisadapemphe.

"Vala iwe mphwanga," adatero. "Ukakaipeza ntchitoyo, tonse tapeza."

Tsiku limenelo mawuwa ndidawalandira ngati mdalitso. Padapita zaka zambiri ndisadazindikire kuti amalume adandisainitsanso ngongole.

Amene mudalipo mukukumbukira mmene chaka chimenecho chidalili. Tidali titangovota pa 17 May, boma litasintha, nyuzipepala zikutuluka ngati bowa, aliyense akuyankhula zakukhosi m'basi mopanda kucheuka. Ife achinyamata tinkaganiza kuti ufulu wabwera ndi ntchito kumsana. Koma Kwacha idali itayamba kale kugwa kuchokera mu February chaka chomwecho, ndipo mitengo m'sitolo inkasintha ngati nyengo ya chiperoni. Nyuzipepala imodzi tinkaigawana anyamata asanu, ndipo tsamba limene linkayamba kung'ambika lidali la malonda a ntchito.

Ndidafikira kwa mnzanga ku Ndirande. Usiku ndidasita sutiyo ndi simbi ya makala, mtima uli m'mwamba kuopa kuti kakhala kangagwere pa nsalu ya eni. M'mawa ndidayenda wapansi mpaka m'tauni, nsapato zili m'jumbo kuti zisadetsedwe, ndipo ndidakavalira pafupi ndi geti la kampaniyo. Dzina lake tisalitchule, siikukhudzidwa yokha.

Pabenchi tidalipo khumi ndi awiri. Pakati pathu padali mtsikana wina amene adavala buluku. Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi lidali litachotsedwa chaka chapitacho, koma mesenjala wa pamenepo adandinong'oneza kuti, "Uyo walephera kale." Pamenepo ndidaphunzira kuti lamulo limafufutika msanga m'buku kusiyana ndi m'mitu ya anthu.

Dzina langa litaitanidwa ndidalowa. Anthu asanu kuseli kwa tebulo, ine ndekha pampando pakati pa chipinda ngati wakuba nkhuku pabwalo la mfumu. Funso loyamba lidabwera m'Chingerezi: tiuzeni za inu mwini. Abale anzanga, ine ndidakulira pamudzi pamene mwana sayang'ana wamkulu m'maso, pamene polankhula ndi akulu umanjuta, pamene wodzichemerera yekha amatchedwa wamatama. Zaka makumi awiri akundiphunzitsa kudzichepetsa, lero akuti m'mphindi zisanu ndidzitame, ndiwayang'ane m'maso, ndiwauze kuti palibe wondiposa. Ndidayang'ana pansi, n'kuwauza dzina langa, la mfumu yathu ndi la sukulu yanga. Kenaka zii. Paja amati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Funso lotsiriza adafunsa bambo wina wadazi, m'Chichewa, akuseka ngati ndi macheza: "Kodi muno mukudziwamo ndani?" Ndidayankha moona kuti palibe. Patatha mwezi ndidamva kuti ntchitoyo idali ndi mwini wake kale, mlamu wa mmodzi wa asanu aja, ndipo ife khumi ndi mmodzi tidangoitanidwa kudzakongoletsa mwambo. Ndidalumbira mumtima kuti tsiku limene ndidzakhale kuseli kwa tebulo, zoterezi sizidzachitika ine ndikuona. Kulumbira n'kosavuta ukakhala ulibe kanthu.

Ntchito ndidaipeza mu 1996, pa intavyu yachisanu ndi chiwiri, ya ukalaliki wowerengera ndalama. Suti idali yomweyo. Mwezi utatha adandipatsa kapepala ka malipiro, ndipo ndidaona mzere wolembedwa PAYE. Boma lidali litadya kale ine ndisadalawe. Zidandipweteka, koma msonkho umenewo udali ndi ubwino umodzi: unkadziwika kukula kwake.

Msonkho wachiwiri ndi umene sulembedwa papepala. Udayamba ndi kalata ya amayi yonena za feteleza. Kenaka fizi ya mng'ono wanga. Kenaka mlendo wa masiku atatu amene adakhala miyezi isanu ndi itatu akufunafuna ntchito. Zaka zimenezo Edzi idali itavuta zedi, ndipo lamya ikalira kuofesi unkadziwa kuti ndi maliro: bokosi, galimoto yonyamula thupi, ufa ndi ndiwo za pasiwa. Mchemwali wanga atatisiya, ana ake atatu adabwera kwa ine, chifukwa kwathu mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Palibe adandikakamiza ndi chikwapu. Ndidangochita zimene amalume adandichitira ine, pamene ankagulitsa matumba a kachewere pamsewu wa M1 kuti andilipirire fizi ya kusekondale.

Sindikudandaula ayi. Ndikungofuna tivomerezane chinthu chimodzi. M'dziko muno ofesi yeniyeni yosamalira ovutika ndi munthu wapantchito. Iye ndiye penshoni ya makolo ake, inshuwalansi ya odwala, thumba la fizi ndi komiti ya maliro. Ndiye mudzi ukatumiza mwana ku intavyu, samalowa yekha m'chipinda muja. Kumbuyo kwake kwaima anthu makumi awiri osaoneka. Ndipo kumbuyo kwa aliyense wofunsa mafunso kwaimanso makumi awiri ake.

Zaka zidapita, imvi zidamera, ndipo tsiku lidafika loti nanenso ndikhale kuseli kwa tebulo. Pantchito pathu padapezeka malo amodzi a kalaliki. Makalata ofunsira adadzaza makatoni awiri, ena a anthu a madigiri. Izi sizidandidabwitse. Boma litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana m'sukulu adachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira. Chidali chinthu chabwino, koma masatifiketi adachuluka ntchito zili zomwezo. Amene adaona chikhamu cha achinyamata chimene chidakhamukira ku ma intavyu a ntchito za umoyo mu 2020, mpaka ena kuvulala pokankhana ku Mzuzu, akudziwa chimene ndikunena.

Sabata imeneyo amalume adatulukira kunyumba kwanga osanena, ndodo m'manja, nkhuku m'khwapa mwa mdzukulu wawo. Titadya adayamba.

"Inu bambo, paja mwakula tsopano."

Moyo wanga wonse ankanditchula kuti iwe. Nditamva inu, ndidadziwa kuti kukubwera mlandu.

"Mwanayu dzina lake lili pamndandanda wa kuofesi kwanu. Ine sindipempha zambiri. Kupatsa n'kuika, mphwanga. Ndidaika, lero ndabwera kudzatenga."

Ndidayesa kufotokoza kuti pali malamulo, kuti tilipo asanu, kuti pali ana a eni ake amene nawonso akhoza bwino. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ana a eni akewo ali ndi amalume awo. Uyu wake ndinu. Kodi malamulowo adakulipirirani fizi?"

Usiku umenewo tulo sitidabwere. Mnyamatayo sadali mbuli, mayeso adakhoza, ndipo kumukankhira pang'ono palibe akadadziwa. Komanso ndinkangoona bambo wadazi uja akuseka, ndi ine mwini ndikuvala nsapato pageti. Kodi amene adandilanda ntchito mu 1994 adali munthu woipa? Mwina nayenso adali ndi nkhalamba yake imene idabwera ndi nkhuku.

M'mawa ndidauza wapampando kuti mmodzi mwa oitanidwa ndi mbale wanga, choncho sindikhala nawo pa mafunso a tsikulo. Mnzanga wina adanditsatira pakhonde n'kunena, "Achimwene, mukadangokhala chete. Tonse muno tili ndi amalume." Ntchito adaipeza mtsikana wina amene sindinkamudziwa. Mdzukulu wa amalume adakhala wachitatu.

Musaganize kuti ndidatuluka m'nkhaniyi ngati ngwazi. Kumudzi mbiri idawanda yoti ndidasanduka mzungu. Amalume adatha chaka osandiyankhula. Pamaliro ena ndidawapatsa moni, iwo n'kuyankha akuyang'ana kumbali. Ndipo chilungamo changacho chidandidyera ndalama, chifukwa ndidayenera kumulipirira mnyamatayo maphunziro a zamagetsi kuti ndipepese. Msonkho wachiwiri udangokwera.

Koma funso la amalume lija lakhala likundizungulira m'mutu: kodi malamulo adandilipirira fizi? Ndaliganizira, ndipo yankho lake ndi lakuti mbali ina inde. Fizi imene ankalipira amalume siikadakwana kulipira aphunzitsi onse, kumanga makalasi ndi kugula mabuku a sukulu ya boma imene ndidaphunzirako. Zotsalazo zidachokera kumsonkho wa anthu amene sindidzawadziwa: mlimi wa fodya ku Kasungu, wothyola tiyi ku Mulanje, msodzi wa ku Nkhata Bay. Mwina agogo ake a mtsikana amene adapeza ntchito uja adaponyapo tambala yawo pa maphunziro anga. Ngati ndili ndi ngongole kwa amalume, kwa iwonso ndili nayo.

Vuto ndi lakuti ngongole ya amalume ili ndi nkhope, pamene ya msonkho ilibe. Ndipo Mmalawi ali ndi zifukwa zomveka zosakhulupirira msonkho. Udabwera ndi atsamunda m'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, ngati msonkho wa nyumba, ndipo ntchito yake ina idali kukakamiza anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu kuti apeze ndalama yolipirira. Makolo athu ankathawira kuthengo akamva kuti amesenjala a msonkho afika. M'nthawi ya chipani chimodzi padaonjezekera khadi, imene popanda iyo sunkalowa mumsika kapena kukwera basi. Ndipo titayamba kuiwala, mu 2013 kudabuka Cashgate, tidamva za mabiliyoni otuluka ku Capital Hill kulipira katundu amene sadaperekedwe, ndalama zina zikupezeka m'mabuti a galimoto. Munthu woona zotere ukamuuza kuti adalire boma osati mphwake, akuyesa wamisala.

Sikuti palibe chimene chachitika. Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, yathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, ngakhale gawo lalikulu la ndalama zake lakhala likuchokera kwa abwenzi akunja. Lamulo la penshoni la 2011 lidakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo ndalama za paukalamba. Koma limeneli ndi la ife a kapepala ka malipiro, amene tili ochepa. Amalume, amene adapereka msonkho ndi kugula khadi zaka zonse zija, sadalandirepo penshoni ya mtundu uliwonse. Atapita kukalembetsa Mtukula Pakhomo adauzidwa kuti ali ndi mwana wapantchito m'tauni. Mwanayo ndine. Ndiye onani: boma lomwelo limene likuti ndisakondere abale, likawerenga za nkhalambayi limawerengera thumba langa.

Lesotho, dziko laling'ono losalemera kwenikweni, lidayamba mu 2004 kupereka penshoni kwa okalamba a zaka 70 ndi kupitirira. Ine maganizo anga ndi akuti nkhondo yolimbana ndi kukondera pantchito siidzapambanidwa ndi zikwangwani za m'maofesi zokha. Idzayamba kupambanidwa tsiku limene nkhalamba idzadziwa kuti kumapeto kwa mwezi ilandira kanthu m'dzina lake, kuchipatala ipeza mankhwala, ndipo mdzukulu wake saleka sukulu chifukwa cha fizi. Pamenepo ntchito ya mwana mmodzi idzaleka kukhala nkhani ya moyo ndi imfa kwa mudzi wonse, ndipo wofunsa mafunso adzatha kumva mayankho m'malo momva kulira kwa kwawo. Msonkho woterowo ine ndingaupereke mosanyinyirika, bola ndiziona kumene ukupita. Pakali pano ndikulipira kawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zikuti sindikukwanitsa.

Chaka chatha uthenga udabwera kuchokera kumudzi: amalume akuti mubweze suti yawo. Mtima udagunda. Ndidati basi, chibale chatha, akufuna pasatsale kanthu kawo m'nyumba mwanga. Ndidaifunafuna pansi pa sutikesi yanga, ndidaichapitsa, n'kukwera basi.

Ndidawapeza pakhonde akuwothera dzuwa. Adaitembenuza jeketeyo uku ndi uku, adaona pamene ndidasokapo m'khwapa, ndipo adaitana mdzukulu uja.

"Uyu amuitana ku intavyu Lachinayi ku Lilongwe," adatero osandiyang'ana. "Kumeneko alibe mbale. Avale yomweyi."

Mnyamatayo adaiyang'ana kolala ija, kuseka kukumuvuta kubisa. Ndidamuuza kuti jekete ndimugulira ina, koma amalume adakana, ati imeneyi njira ikuidziwa. Madzulo ake ndidakhala naye pansi pa mtengo wa mango, ine ndikufunsa mafunso iye akuyankha. Nditamuuza kuti andiuze za iye mwini, adayang'ana pansi.

"Dzutsa mutu," ndidatero. "Undiyang'ane m'maso."

Amalume pakhonde paja adatsokomola. "Iwe mphwanga, ukumuphunzitsa mwano mwanayo?"

Adanditchula kuti iwe. Ndidadziwa kuti mlandu wapepuka, ngakhale ngongole ikadalipo.