Mwana wa ng'ona ndi cholembera changa chofiira

Pamene mdzukulu wanga wamkazi anasankhidwa kupita ku Zomba kukaphunzira za zilankhulo za mu Africa, nthungululu pakhomo zinali zochepa. Atate ake ankafuna kuti achite zamalamulo. "Kodi Chichewa chomwe tilankhula pamtondo n'chopitira kuyunivesite?" anatero. Ine amene ndinagwira choko zaka 34 ndinangoti chete, ndipo kunena zoona, mumtima ndinali kumbali yawo.

Sukuluyo ife tinazolowera kuitchula Chancellor College. Inasamukira ku Zomba kuchokera ku Blantyre mu 1973, ndipo chiyambire 2021 ndiyo imene ikudziwika ndi dzina loti Yunivesite ya Malawi. M'chaka chachinayi mwanayu anafunika kuchita kafukufuku wakewake, nasankha miyambi. Apa ndinamwetulira, poganiza kuti nsomba yalowa mumono. Ndinamutulutsira makope anga akale, mwambi kumanzere, tanthauzo kumanja, monga tinaphunzirira kukoleji ya aphunzitsi.

Anawalandira ndi manja awiri, nawawerenga usiku wonse. M'mawa mwake anati, "Agogo, mwambi uwu munaumva kwa yani? Ankauza yani, ndipo panali nkhani yanji?" Ndinasowa poyambira. Zaka zonsezo palibe anandifunsapo funso lotere, ngakhale oyendera sukulu.

Iye sanafune mndandanda. Anakapempha chilolezo kwa anyakwawa, nakhala pamkeka pakati pa amayi pabwalo la milandu, pachinkhoswe ndi pamaliro, akujambula mawu pafoni pokhapokha eni ake atalola. Madzulo ankalemba liwu ndi liwu, ntchito yotopetsa zedi, pakuti zolankhula za mphindi 10 zinkamudyera ola lathunthu.

Mwambi woti "mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi" anaumva katatu. Koyamba anaunena mwinimbumba, potumiza mwana wamasiye kwa amayi ake aang'ono: mwana ndi wa mbumba yonse. Kachiwiri anali mayi wotsanzikana ndi mnyamata wopita ku Joni, ndipo apa unali dalitso. Kachitatu unatuluka m'kamwa mwa gogo wina pamlandu wa mkamwini amene anasiya ana m'midzi itatu. Bwalo lonse linafa nalo phwete, ndipo bamboyo anawerama ngati wamenyedwa. Mawu omwewo, koma apa anali mkwapulo.

Pamene ankandiwerengera zimenezi, ndinakumbukira mnyamata wina wa Sitandade 8 amene ndinamuphunzitsa ndili mphunzitsi wachinyamata. M'kope langa mwambiwu unali ndi tanthauzo limodzi lokha: kuyenda kumapatsa nzeru. Iye analemba kuti mwana amaleredwa ndi abale ambiri. Ndinamuthetha ndi cholembera chofiira. Anabwera kudzandiuza mwaulemu kuti amalume ake amatero, ine n'kumuyankha kuti amalume ake sadzachonga mayeso. Pambuyo pake ndinamva kuti anali wamasiye, ndipo ankakhala pakhomo lachitatu.

Sindikunyoza mabuku ayi. Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968, ndipo Chichewa Board itakhazikitsidwa mu 1972, panafunikadi kalembedwe kamodzi koti tonse titsate. Centre for Language Studies, imene inalowa m'malo mwake mu 1996, inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000, ndipo buku la miyambi 2,000 la Bambo J.C. Chakanza sililekana ndi tebulo langa. Koma mphunzitsi wa m'kalasi amafuna yankho limodzi loti achonge msanga, ndipo ife tinazolowera kuyanika miyambi ngati usipa pathandala. Ophunzira a kuyunivesitewa akuphunzitsidwa kuiona ikusambira.

Pali china chimene sindinagwirizane nacho. Kafukufuku yense anamulemba m'Chingerezi, mawu a gogo uja atapanikizidwa m'munsi mwa mayina a akatswiri a kunja. Ndinamuuza kuti eni mawuwo sadzawerenga ngakhale tsamba limodzi. Sanatsutse. Pa tchuthi chotsatira anabwerera kubwalo kuja, nawafotokozera m'Chichewa zimene anapeza, ndipo gogoyo anamukonza malo awiri.

Mdzukulu wanga anamaliza maphunziro ake, ndipo tinakajambulitsa naye atavala mkanjo pansi pa phiri la Zomba. Ntchito sanaipezebe, akungophunzitsa mongogwirizira pasukulu ina yasekondale. Atate ake akadafunsabe funso lawo lija, koma masiku ano akafunsa, ine sindikhalanso chete.