Mpini Wosemera Dzanja Langa

Kompyuta yatsopano ikafika patebulo panga, sindithamangira kusintha chithunzi cha pasikirini. Ndimatsegula terminal, kazenera kakuda kaja kamene ambiri amakaopa, n'kuyang'ana kamzere kophethira kamene kakudikira kuti ndilembe lamulo. Ntchito yanga ndi yosamalira maseva a makampani ang'onoang'ono mumzinda wa Blantyre, ndipo gawo lalikulu la tsiku langa limathera m'kazenera kameneka. Mlimi akagula khasu sapita nalo kumunda mmene lilili. Amayamba wauyesa mpini, n'kupala pamene pakumuluma m'manja, n'kukhomerera pamene pakugwedera. Ine mpini wanga ndi shell, ndipo ola loyamba pa kompyuta iliyonse limathera pa kuusema.

Shell ndi pulogalamu imene imamva zimene ndalemba n'kukauza makina. Ndikalemba cd imandilowetsa mufoda ina, ndikalemba ssh imanditsegulira khomo la seva imene ili kutali. Kwa zaka zambiri ndinkagwira ndi Bash, imene Brian Fox analemba mu 1989 ndipo imabwera kale pa Ubuntu ndi Debian. Ndilibe nayo mlandu, mpaka lero ndimailemekeza. Koma tsiku lina ndinaima kumbuyo kwa mnzanga akugwira ntchito, n'kuona kuti akangolemba zilembo ziwiri n'kudina Tab, mayina a mafoda akumuyalikira pansi, iye n'kumangosankha ndi mabatani a mivi. Nditamufunsa anati imeneyo ndi Zsh yovekedwa Oh My Zsh.

Zsh si yatsopano. Paul Falstad anailemba mu 1990 ali wophunzira payunivesite ya Princeton. Luso inali nalo kuyambira kale, koma lambiri linali lotsekeka. Kuti ulitsegule unkayenera kulemba wekha mizere yambirimbiri mufayilo yotchedwa .zshrc, ndipo ambiri ankagwa ulesi asanafike n'pakati pomwe. Mu 2009 Robby Russell wa ku Portland, ku Oregon, anasonkhanitsa mizere yake n'kuiika pa GitHub kuti anzake a kuntchito asamavutike. Imeneyo ndiyo Oh My Zsh. Anthu ena anayamba kuponyamo zawo, ndipo lero muli mapulagini oposa 300 ndi ma theme oposa 100. Kampani ya Apple itasankha Zsh kukhala shell yoyambira pa macOS Catalina mu 2019, ngakhale amene sankaidziwa anangodzuka ili m'manja mwawo.

Kuika Oh My Zsh sikutenga mphindi zisanu. Pamafunika zinthu zitatu: zsh yeniyeniyo, git, ndi curl kapena wget. Pa Ubuntu zonsezi zimabwera ndi lamulo limodzi la apt install. Kenako pali mzere umodzi umene eni ake amapereka, wotsitsa fayilo ya install.sh n'kuiyendetsa nthawi yomweyo. Ine mzerewo sindiuyendetsa mwachimbulimbuli. Ndimayamba ndatsitsa fayiloyo n'kuiwerenga, chifukwa chilichonse chimene wayendetsa mu terminal chimagwira ntchito m'dzina lako, ndipo chingathe kufika paliponse pamene iwe ungafike. Ukaiwerenga umapeza kuti zochita zake n'zowerengeka. Imakopera zonse mufoda yobisika ya .oh-my-zsh, imasunga .zshrc yako yakale pansi pa dzina la .zshrc.pre-oh-my-zsh, imakulembera yatsopano, n'kukufunsa ngati ufuna kuti Zsh ikhale shell yako ya tsiku ndi tsiku. Ukavomera imaitana chsh, koma kusinthako kumaoneka ukatuluka n'kulowanso. Bandulo sidyeka yambiri, chifukwa imatenga zatsopano zokha n'kusiya mbiri yonse yakale.

Msampha woyamba uli pomwepa. Zimene unalemba mu .bashrc sizikutsatira. Mnyamata wina wa muofesi yoyandikana nafe anandipeza nkhope ili yakugwa. “Achimwene, mapulogalamu anga asowa onse, chilichonse chikungoti command not found.” Palibe chimene chinasowa. Mzere wa PATH, umene umauza shell mafoda oyang'anamo mapulogalamu, unatsalira mufayilo ya Bash. Tinaukopera mu .zshrc, n'kutsegula terminal ina, zonse zinabwerera. Kuyambira pamenepo ndimauza aliyense kuti asanasamuke aone kaye katundu amene ali m'nyumba yakaleyo.

Chimene anthu amathamangira akangomaliza kuika ndi theme, kaonekedwe ka prompt, mzere uja umene umakulonjera usanalembe lamulo. Yobwera kale imatchedwa robbyrussell. Ili ndi kamuvi kamene kamakhala kobiriwira lamulo lapitalo likayenda bwino, n'kufiira likalephera. Imaonetsanso dzina la foda imene uli, nthambi ya git, ndi kachizindikiro kachikasu ngati pali zosintha zimene sunasunge. Ena amakonda agnoster, koma imafuna mafonti a Powerline, apo ayi umangoona timabokosi m'malo mwa mivi. Ena amapita pa Powerlevel10k ya Roman Perepelitsa, imene ukalemba p10k configure imakufunsa mafunso n'kukusokerera prompt monga telala amachitira. Zonsezi n'zokongola, ndipo nanenso ndinathera masiku ndikuziyesa. Koma ntchito yeniyeni ya prompt ndinaiphunzira movutika.

Linali Lachinayi madzulo. Ndinali ndi mazenera awiri, lina la laputopu yanga pamene ndinkayesera zinthu, lina la seva ya kampani ina yogulitsa katundu wa zomangira. Konse kuwiri ndinali nditaika Oh My Zsh ndi theme yomweyo ya robbyrussell, ndipo theme imeneyi sionetsa dzina la makina. Mafoda nawonso anali ndi mayina ofanana. Ndinalemba rm -rf kuti ndifufute mafayilo oyesera, n'kudina Enter, ndipo kamuvi kanabwera kobiriwira, kundiuza kuti lamulo layenda bwino. Linayendadi bwino, koma pa seva ya eni. Mtima unangoti myuu. Bakapu inalipo ya usiku wapitawo, koma malisiti onse amene anajambulidwa tsiku limenelo anapita. M'mawa mwake ndinapita ndekha kwa mayi amene amasunga mabuku a ndalama pakampanipo. “Mayi, wolakwa ndine, si makina.” Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutulutsa katoni ya malisiti pansi pa tebulo. “Ndiye tiyambirenso, bambo. Khalani apo mundithandize.” Tinaweruka kunja kutada.

Usiku womwewo ndinalemba fayilo yaing'ono ya mizere isanu. Imayang'ana ngati SSH_CONNECTION ili ndi kanthu, chimene chimasonyeza kuti ndalowa pamakina akutali, ndipo ikatero imaika dzina la sevayo kumayambiriro kwa prompt, m'zilembo zoyera pamtundu wofiira. Kufikira lero, diso langa likangoona kufiirako, zala zimachepetsa zokha liwiro. Pamaseva a anthu ena ndinachotsa Oh My Zsh ndi lamulo la uninstall_oh_my_zsh, n'kusiyapo Bash yokha ndi mzere umodzi wa prompt yofiira mu .bashrc yanga. Prompt ndi chikwangwani cha pamphambano. Ntchito yake yoyamba ndi kukuuza pamene waima, kukongola kumabwera pambuyo.

Fayilo ya mizere isanu ija ndinaiika mufoda ya custom ya Oh My Zsh, ndipo pali chifukwa. Oh My Zsh imadzikonzanso kudzera mu git, ndipo pakatha masiku 13 aliwonse imakufunsa ngati ufuna zatsopano. Ukakanda mafayilo ake enieni, tsiku lotenga zatsopano zako ndi zawo zimagundana. Foda ya custom ndi munda wako, iwo salowamo, ndipo fayilo iliyonse yothera ndi .zsh imene waikamo imawerengedwa terminal ikamatseguka. Foda imeneyi pamodzi ndi .zshrc ndimazisunga mu git yangayanga. Chaka china magetsi atabwerera ndi mphamvu anandiotchera laputopu, koma pamakina obwereka ndinakoka mafayilo angawo ndipo pasanathe mphindi 10 dzanja langa linali kwawo. Mawu achinsinsi okha ndi amene salowa m'mafayilo amenewa. Ndipo lamulo likakhala ndi chinsinsi mkati, ndimayamba ndi kudina batani la mpata, chifukwa Oh My Zsh imakonza kuti lamulo loyamba ndi mpata lisasungidwe mufayilo ya .zsh_history.

Mapulagini ndiwo amakoka anthu, ndipo ena ndi othandizadi. Ya git imafupikitsa malamulo: gst m'malo mwa git status, gco m'malo mwa git checkout, gp m'malo mwa git push. Ya z imakumbukira mafoda amene umapitako kawirikawiri, moti ukalemba z ndi kachidutswa ka dzina umangofika. Ya sudo imati ukadina Esc kawiri imaika sudo kutsogolo kwa lamulo. Ya extract imamasula mafayilo opanikizidwa popanda kukumbukira ngati akufuna tar kapena unzip. Palinso awiri amene sabwera ndi Oh My Zsh, ofunika kuwakokera mu custom: zsh-autosuggestions, imene imakulembera motuwa lamulo limene unalembapo kale, ndi zsh-syntax-highlighting, imene imafiiritsa lamulo lolakwika usanadine Enter. Yachiwiriyi iyenera kukhala kumapeto kwa mndandanda. Mayina amalekanitsidwa ndi mipata, ukaika makoma zinthu zimasokonekera.

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Inafika nthawi imene ndinali ndi mapulagini oposa 20, ndipo terminal inkatenga masekondi anayi kuti itseguke. Kwa munthu wotsegula mazenera kambirimbiri pa tsiku, masekondi amenewo ali ngati kamwala m'nsapato. Zsh ili ndi sikelo yakeyake. Ukaika zmodload zsh/zprof pamwamba pa .zshrc ndi zprof pansi, imakuonetsa chimene chikudya nthawi. Kwa ine chachikulu chinali nvm, yosinthira mitundu ya Node, imene inkadzuka nthawi zonse ngakhale sindikuifuna. Ndinaikonza kuti izidzuka ndikaiitana. Kenako ndinadutsa mumndandanda wonse ndikudzifunsa kuti iyi ndinaigwiritsa ntchito liti. Otsala ndi 6. Tsopano ndili ndi lamulo langa: sindionjezera kanthu pokhapokha dzanja litadandaula. Ndikalemba chinthu chomwecho kwa sabata yathunthu mpaka kutopa nacho, pamenepo m'pamene chimayenera kufupikitsidwa.

N'chifukwa chake sindipereka .zshrc yanga kwa ophunzira amene amabwera kudzaphunzira ntchito, ngakhale amaipempha. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Fayilo ya mnzako ili ndi mizere imene iye anailemba chifukwa cha mabala ake, ndipo ikadzakuvuta pakati pa usiku sudzadziwa poyambira. Mwezi woyamba ndimawasiya pa Bash yopanda chokometsera, alembe git status yonse mpaka zala ziizolowere. Seva ya kasitomala sidziwa gst, ndipo munthu amene anangoloweza zidule amaima manja m'khosi akafika pamakina osasemedwa. Ndimawaphunzitsanso kuti Zsh ndi Bash zimasiyana m'tinthu tobisika. Mu Bash mndandanda umayamba kuwerengedwa pa 0, mu Zsh pa 1. Chizindikiro cha nyenyezi (*) chikapanda kupeza fayilo yofanana nacho, Bash imapitirira koma Zsh imaima n'kunena kuti no matches found. Choncho script yopita pa seva imalembedwa ya Bash kapena sh, ndipo mzere wake woyamba uyenera kunena zimenezo.

Mwezi ukatha ndimawalola kuika Oh My Zsh, koma pali pangano limodzi: mzere uliwonse umene ali nawo azitha kundifotokozera. Chaka chatha kunali mtsikana wina wochokera kukoleji, wofatsa, wosakonda kuyankhula. Atatsala pang'ono kumaliza anandiitana. “Bwana, tabwerani muone.” Fayilo yake inali yaifupi, yosadzaza n'sikirini yomwe. Mapulagini atatu. Prompt yofiira ya maseva anailemba mwa njira yake, osati yanga. Ndipo panali alias imodzi imene sindinaionepo kwina kulikonse, ya zilembo ziwiri, yotumiza ping katatu. Ndinamufunsa ntchito yake. Anati kumene amakhala netiweki imadukaduka, ndiye asanayambe ntchito yaitali pa seva amayamba waona ngati njira ili bwino, kuopera kuti ingamudukire ali pakati.

Ndinakhala pampando wake kuti ndiyese. Ndinalemba chidule changa china chimene zala zanga zinazolowera, makina n'kuyankha kuti sakuchidziwa. Ndinayesa china, chimodzimodzi. Ndinayenera kulemba malamulo onse athunthu, pang'onopang'ono, ngati mlendo. Iye atabwerera pampandopo, zala zake zinkangoyenderera. Ndinaimirira kumbuyo kwake ndikuonerera, monga ndinaimira kumbuyo kwa mnzanga uja kalekale, ndipo mtima wanga unakhala pansi. Khasu linali lomwelo limene tonse timagula, koma mpini unali wake, wosemedwa ndi iye mwini, wokwana m'dzanja lake lokha.