KADONTHO KA PANSI PA GALIMOTO YA BAMBO

Bambo anga atamwalira m'chaka cha 2016 adandisiyira dimba, ng'ombe ziwiri ndi galimoto yakale ya Land Rover, mtundu uja wa Series III umene udapangidwa ku Solihull, m'dziko la England, kuyambira 1971 mpaka 1985. Yathuyi njopangidwa mu 1974, motero imandiposa ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kwathu kuno ku Nathenje yanyamula fodya, akwati ndi maliro, ndipo anthu amaizindikira ndi kulira kwake isanatulukire n'komwe.

Komatu galimotoyi idali ndi kachizolowezi kake. Paliponse pamene yagona, m'mawa mwake pankapezeka kadontho ka oyilo, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Bambo ankangothirapo mchenga, ndipo ine ndidatengera zomwezo. Mwezi ukatha ndinkawonjezera oyilo, n'kumadzitonthoza kuti nkhalamba siilekana ndi dovu.

M'mwezi wa June 2019 ndidatenga mayi anga, amene maso awo adali atachita ng'ala, kupita nawo ku chipatala cha Nkhoma. Tidakhota pa Kamphata n'kuyamba kukwera. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adamanga mishoniyi mu 1896 m'tsinde mwa phiri, ndipo amene adafikako akudziwa kuti malo athyathyathya ngosowa kumeneko. Tili pafupi kufika ndidaima pachitunda kuti ndigule nthochi. Ndidakoka handibuleki, n'kutsika osaisiya m'giya. Ndili mkati mowerenga ndalama ndidamva amayi ogulitsa akukuwa. Pocheuka ndidaona galimoto ikubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mayi ali phee pampando, osadziwa kanthu poti sankaona. Mnyamata wina wa kabaza adaponya chimwala kunsi kwa tayala, galimoto n'kugwedezeka, n'kuima. Mayi adangofunsa kuti, "Kodi tafika, mwananga?" Ine mawu adandithera kukhosi.

Titabwerako ndidaitana mkulu wina wa ku Mitundu, makaniko wopuma amene adali bwenzi la bambo. Adagwada, nasuzumira kunsi, napaka chala pa chitsulo chozungulira chakumbuyo kwa giyabokosi.

"Mwana wanga," adatero, "oyilo amene umamuona pansiyu ndi wotsala chabe. Kodi udadzifunsapo kuti asanafike pansi amadzera kuti?"

Tsono adandifotokozera zimene ndidayenera kudziwa kale. Handibuleki ya Land Rover zakalezi siigwira matayala monga zichitira galimoto zambiri. Imagwira dilamu imene ili potulukira mphamvu, kumbuyo kwa bokosi logawira mphamvu kumatayala onse anayi, pomwe pulopela wakumbuyo amamangidwa. Pamenepo pali kamphira kozungulira, kamene amakaniko amati oil seal, kotseka oyilo kuti asatuluke pamene chitsulo chikuzungulira. Kamphirako kakatha, oyilo amayamba wanyowetsa malayiningi a buleki, kenaka ndipo amadonthera pansi. Zaka zonsezo ine ndinkakwirira umboni ndi mchenga, buleki ikumwa oyilo.

Ntchito tidaigwira Loweruka, pansi pa mtengo wa mango. Choyamba mkuluyo adandiuza kuti nditsekere matayala onse ndi miyala, chifukwa ukachotsa pulopela palibenso chogwira galimoto. Tidakhutula oyilo m'beseni. Adalemba chizindikiro ndi choko kuti pulopela adzabwerere monga adaliri, ndipo tidamasula manati ake anayi. Tidasolola kapini, kumasula nati yaikulu yapakati, n'kutulutsa dilamu pamodzi ndi chitsulo chimene chimazungulira m'kati mwa kamphira kaja. Malayiningi adali noninoni ngati nsalu yopukutira mpoto wa mandasi. Kamphira kakale kadali kouma gwa, ndipo kadathetheka pokatokosa.

Ine ndidafuna kungolowetsa katsopano, kamene ndidakagula ku Malangalanga mu Lilongwe, kuti timalize dzuwa lisanapendeke. Mkuluyo adandigwira dzanja. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yendetsa chikhadabo apa." Ndidayendetsa pa chitsulo chija, ndipo chikhadabo chidakodwa m'kamzere kozungulira. Mphira wofewayo, pokhudza malo amodzi kwa zaka 45, adali atakumba ngalande m'chitsulo. Tikadaika kamphira katsopano pa ngalandeyo, sabata isanathe oyilo akadapezanso njira, ine n'kumatukwana wogulitsa wosalakwa. Galimoto idakhala pamiyala masiku asanu ndi anayi, kufikira titapeza chitsulo chosalala ndi malayiningi ena, pakuti onyowa ndi oyilo sakhulupirikanso ngakhale uwatsuke chotani.

Tsiku lobwezera, mkuluyo adapaka oyilo pamlomo wa kamphira, nakaika mbali ya kasipuling'i italoza m'kati kumene kuli oyilo, nakagogoda mofatsa mbali zonse kuti kalowe mowongoka. Tidamanga zonse, kuika kapini katsopano, n'kuthira oyilo wa giya wa nambala 90, pafupifupi malita awiri ndi theka, mpaka adayamba kusefukira pa kabowo koyezera. Usiku umenewo ndidayala katoni kunsi kwa galimoto. Kutacha ndidakaiona ili youma, ndipo ndidaima pamenepo nthawi yaitali ndithu, ndikuganiza za bambo.

Sindiwaimba mlandu. Adali munthu wosamala, koma kadonthoko adakaona masiku ambiri kotero kuti kadasanduka mbali ya galimoto, monga utoto wake. Ine ndidalandira galimoto pamodzi ndi mchenga womwe, osafunsa. Ndikhulupirira kuti m'makomo mwathu ambiri muli timadontho totere, timene tidatipeza ndipo tidatizolowera: kangongole kongowonjezerawonjezera, kachifuwa ka mwana kamene timati n'kamphepo, mawu amene mwamuna ndi mkazi adaleka kukambirana. Timayesa kuipa kwake ndi kukula kwa banga limene tikuliona pansi, osafunsa chimene chikunyowa m'kati.

Mayi adachitidwa opaleshoni ndipo adaonanso. Nkhani ya pachitunda ija ndidawauza patapita chaka. Adakhala chete pang'ono, kenaka adafunsa ngati mnyamata wa kabazayo ndidamthokoza mokwanira. Sindidamfunse ndi dzina lomwe. Masiku ano ndikaima pa chitunda ndimakoka handibuleki, kuisiya m'giya, ndipo kuseri kwa mpando ndimasunga mwala.